Nkhanga Yachitatu pa Kabati ya Mlombwa

"Mwamuna wa manja aluso uzimubisa kwa amako." Anandiuza mawu amenewa ndi azakhali anga, tsiku limene anamkungwi ankandilanga za banja. Ena onse atatha kunena zawo za madzi osamba ndi za kugwada, iwo anandikokera kuseri kwa nkhokwe nanditsina khutu, kutsina kwenikweni kopweteka. "Waulesi adzakusautsa pawekha," anatero. "Koma wakhama akakondweretsa mudzi, mphotho yake udzagona nayo nyumba imodzi ndiwe." Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinkayesa ndi mkwiyo chabe wa munthu amene ukwati unamukana kawiri.

Izi ndikulemba ndekha, ndi dzanja langali. Adzukulu anati ndizingonena iwo azilemba pa foni, ine ndinakana. Wokulembera amachotsa mchere wako n'kuthira wake.

Zinali zaka za Chitaganya, njala yaikulu ija itangotisiya. Amuna anga anachokera cha ku Nambuma, kumene anaphunzira ukalipentala kumishoni, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini kwathu, mbali ya ku Nsaru. Anali munthu wosayankhula zambiri. Anamanga nyumba yathu ya makona anayi, yoyamba m'mudzimo, naikapo felemu ndi chitseko cha matabwa chimene munthu ankalowa ali chilili. Nyumba zina zonse zinali zozungulira, denga lotsika, khomo lolowa mowerama. Fodya wa amayi analima, chigafa choyanikamo fodyayo anamanga, mipini ya mudzi wonse anasema osapempha ngakhale chipande cha mowa. Anthu ankati ndatola. Ine ndikamva mawu amenewo ndinkayang'ana pakamwa pa wonenayo, kuti ndione ngati malovu sakutuluka.

Kumunda kwa amayi, cha kudambo, kunali mlombwa waukulu umene mphepo inaupendeketsa. Mkamwini sadula mtengo wa eni, choncho anapita kukagwada kwa atsibweni anga, mlongo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu. Atsibweni analola. Tsiku lodula ndinapita kukaonerera. Nkhwangwa itangolowa, mtengo unayamba kukha utomoni wofiira ngati magazi a mbuzi, ndipo amayi ena okalamba anafunda kumaso. Amuna anga ndi mnzawo anakumba dzenje, nagoneka chipika pamwamba, wina pansi wina pamwamba, macheka akulira mpaka matabwa anatuluka. Matabwawo anawasanja pakhonde lathu, timitengo pakatipakati kuti mphepo izipita. Anakhala pamenepo dzinja linadza n'kupita, chilimwe n'kudutsa. Ine ndinkawasesera, ndinkathamangitsa nkhuku, ndinkagogoda kuti ndimve ngati chiswe chalowa. Mumtima ndinali nditaika kale mbale zanga m'kabati imene inali isanapangidwe.

Ndiye tsiku lina akunola tchizulo anangoti, "Mawa ndiyamba kabati ya apongozi."

"Ya ndani?"

"Mtengo ndi wawo. Choyamba chiyenera kupita kwa iwo. Yanu ibwera pambuyo."

Pambuyo! Matabwa a mtima wa mtengo, ofiirira aja okhala ndi mizere yoyenda ngati madzi a mumtsinje, anali ochepa. Ine onditsalira anali a m'mphepete, oyera, amene tizilombo timayamba kufumbula. Koma ndikananena chiyani? Mwana sachitira nsanje amake pagulu. Ndinameza.

Tsono apa mumvetse bwino, inu obadwa dzana amene mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi aakazi sankaonana maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Amuna anga popita kumunda ankazungulira kuseri kwa khola kuti asadutse pakhomo pa amayi, ndipo akayandikira ankatembenuzira nkhope kumbali. Kulowa m'nyumba mwawo ndiye zosayerekeza n'komwe, monganso amayi sakanaponda m'nyumba mwathu. Mawu onse ankadzera mwa munthu wapakati. Munthuyo ndikanakhala ine, koma ndinali ndi pakati potopa, miyendo itatupa ngati mitondo, ndipo amayi analamula kuti ndikhale pansi. M'malo mwanga anatuma mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anali mkazi wamkulu ndithu, wokwatiwa kale, koma mwamuna wake anapita ku Joni n'kutchona, osatumiza ngakhale bulangete. Anabwerera kukagona m'nyumba mwa amayi. Anali wa mano oyera okhala ndi mpata pakati, wa phwete losachedwa, ndipo poyenda chilundu chake chinkayankhula.

"Alamu, odi kuno! Mwadzuka bwanji amuna anga?"

"Ndadzuka, akazi anga aang'ono. Mwanditengera chiyani lero?"

"Ndakutengerani njala yanga. Kodi simudyetsa akazi anu?"

Chilamu chimenecho ndi chololedwa, aliyense amadziwa. Palibe mlandu munthu kuseka ndi mlamu wake. Koma munthu uja amene kwa ine mawu ankachita kuwawerenga ngati mbewu ya chaka cha njala, kwa mng'ono wanga ankawamwaza. Ine ndinkakhala m'nyumba, chitseko chotsekula pang'ono, diso pa mpata.

Amuna anga anamutuma kuti akayeze malo amene kabati idzakhale. Anapita ndi luzi, nabwera nalo lili ndi mfundo ziwiri, ina ya msinkhu, ina ya m'mimba mwake. Ndinaona akupatsirana luzilo. Zala zinakhudzana. Mwina sizinakhudzane, koma ine ndinaona zitakhudzana.

Mwana anabadwa nthawi yozizira, fodya atagulitsidwa. Ndili m'chikuta ndinkamva chopalira chikuyenda pathabwa, fyee, fyee, kenaka n'kuima, kenaka kuseka. Kuimako ndi kumene kunkandidwalitsa. Nditatuluka m'chikuta mwambo wotenga mwana tinali tisanachite, ndipo akuluakulu mukudziwa mmene nyumba imakhalira nyengo imeneyo, mwamuna mphasa yake, mkazi mphasa yake, kwa miyezi.

Kabati ija sindingainamizire, inali yokongola. Mizati ndi nthiti zake zinali za mlombwa, zolowetsana m'mabowo ndi kukhomedwa ndi tizikhomo ta mtengo, popanda msomali ngakhale umodzi. Zitseko ziwiri anaikamo mbawa. Zogwirira anasema za phingo, zakuda bii, zosalala ngati mwala wa mumtsinje. Mashelefu anali a tizidutswa ta mkungudza timene anapempha kumishoni, ndipo ukatsekula fungo lake linkakulonjera. Mlombwa sanaupake utoto. Ankati kupaka penti mlombwa ndi kutukwana Mulungu, choncho anangoutikita ndi mafuta a nsatsi mpaka unayamba kuwala wokha. Penti anasungira zitseko za mbawa zija, yotsala m'zitini pamene ankapaka tchalitchi, yobiriwira, yakuda, yoyera ndi kofiira pang'ono. Bulashi anapanga ndi ubweya wa kumchira wa mbuzi.

Zojambula anasankha ndani? Anati amayi. Koma mawu a amayi ankabwera pakamwa pa yani? Anajambula maluwa a fodya m'mphepete monse, ndi nkhanga. Mawanga a nkhangazo ankadontheza limodzilimodzi ndi kaudzu, mng'ono wanga atamugwirira chitini, mitu yawo itayandikana ngati anthu oomba ula. Chitseko cha kumanzere, nkhanga yaimuna. Cha kumanja, yaikazi. Tsono m'munsi mwa yaikaziyo anaonjezapo ina, yocheperako, khosi litasuzumira kwa yaimuna ija.

Ndinatuluka mwana ali kumsana. "Kodi yachitatuyi ndi ya chiyani?"

"Panatsala malo," anatero amuna anga, osadzutsa mutu.

Mng'ono wanga anaseka. "Akulu, munaona kuti nkhanga zikuyenda ziwiri zokha? Zimayenda gulu, eti alamu?"

"Gulu lake likayendere kwanu," ndinatero.

"Kwathu ndi konkuno, akulu. Kapena mwaiwala kuti tinayamwa bere limodzi?"

Amene anandimasulira zonse anali gogo wina amene ankabwera kudzasambitsa mwana mankhwala. Akupukuta mwanayo anati, ngati akunena za mvula, "Amako ndi atsibweni ako agwirizana. Kabati ikalowa m'nyumba, amuthokoza mkamwini ndi nthena." Nthena, kwa inu osadziwa, ndi mkazi wachiwiri amene makolo ankapatsa mkamwini wowasangalatsa, ndipo ankakhala mng'ono wake wa mkazi woyambayo. "Usalire," anatero gogoyo. "Si mlendo, ndi magazi ako. Mwamuna wotere akapanda kumangidwa ndi zingwe ziwiri, midzi ina imutenga." Pamenepo khutu limene azakhali ananditsina lija linayambanso kuwawa.

Ndinadikira mpaka tsiku lina masana amuna anga akutsuka bulashi m'palafini. "Ndamva kuti akukupatsani mphotho."

"Inu mumamva zambiri."

"Nanga abambo kumishoni adzati chiyani? Simunabatizidwe inu? Ntchito ya mabenchi a m'tchalitchi adzakupatsaninso muli ndi akazi awiri?"

Anafinya bulashi ija pang'onopang'ono. "Kodi alipo wandipatsa kanthu? Munthu sakana mbale isanafike."

"Nanga ikafika?"

"Mwana akulira uyo."

Sanavomere, sanakane. Ndi mawu amenewo ndinakhala nawo masabata, ndikuona amayi akuviika chimera ndi atsibweni akusankha tambala. Kudandaula kunalibe kokadandaula. Amene akanandiweruzira mlandu ndi omwewo ankafulula mowa.

Tsiku lonyamula linafika kumapeto a chilimwe, kutentha kwa mtundu uja kumene mitambo imaunjikana masana. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo la amayi. Amuna anayi ananyamula kabati, azimayi akuimba nthungululu, ana akuthamanga m'mbali kuti aone nkhanga. Amayi anga anakhala m'nyumba, monga mwa mwambo. Amuna anga anaima patali, kuseri kwa nkhokwe, atafulatira. Mng'ono wanga anali atadzola mafuta mpaka m'zigongono, atavala chilundu chatsopano chimene sindinadziwe kumene chinachokera. Ine ndinakhala pansi pa mtengo ndi mwana wanga.

Onyamulawo atafika pakhomo anaima. Kabati inali yaitali kuposa khomo, mutu wake unagunda udzu wa denga. Anaigoneka chagada kuti ilowe ngati bokosi la maliro, amayi ena n'kukuwa kuti zimenezo ndi malodza. Anaitembenuza cham'mbali. Mapewa ake anakana pa nsanamira. Anayesa kulowetsa miyendo poyamba, anayesa mutu poyamba, dothi la chipupa likugumuka, thukuta lili chuchuchu.

"Kodi anayeza ndani?" anafunsa atsibweni.

"Ndine," anatero mng'ono wanga, mawu atachepa. "Alamu anati ndikayeze malo. Ndinayeza malo, kuyambira pansi mpaka ku phaso."

"Nanga khomo?"

"Za khomo sananene."

Musamuseke kwambiri. M'mudzi mwathu munali musanalowepo m'nyumba chinthu choposa munthu. Mphasa umapinda, mtsuko umakumbatira, mpando wa ndalema umanyamula ndi dzanja limodzi. Chachikulu ngati nkhokwe chimalukidwa pomwe chidzakhale. Ndani akanaganiza za khomo? Amene akanaganiza ndi kalipentala, koma kalipentalayo khomo limenelo anali asanaliyang'anepo chikwatire. Mudzati nanga iwe, wobadwira m'nyumba imeneyo, sunaone kuti chinthucho chikukula mopitirira? Ndikanaona bwanji? Maso anga sanali pa matabwa.

Atsibweni anatuma munthu kuseri kwa nkhokwe kukafunsa ngati kabati ingamasulidwe. Yankho linabwera lakuti ayi, zikhomo zinalowa ndi guluu, kumasula ndi kuswa. Wina, amene anali atalawako kale mowa, anati, "Tingogumula khomoli, tikuze!"

Apo ndi pamene mawu a amayi anatuluka m'nyumba, akuthwa ngati chikwakwa. "Mugumule chiyani? Nsanamira izi anazika ndi malemu bambo a ana awa. Mkamwini abwere m'mudzi mwanga, adule mtengo wanga, lero andigwetserenso nyumba?" Kenaka anapitiriza, ndipo ankayankhula mokweza kuti wa kuseri kwa nkhokwe amve. "Munthu woyeza chilichonse ndi kandodo kake ka manambala angalakwitse khomo? M'mudzi muno khomo limene chinthu ichi chingalowe ndi limodzi, ndipo analipanga ndi yemweyo. Wandipangira ine, kapena wadzipangira yekha ndi matabwa anga?"

Madontho oyamba anagwa nthawi yomweyo, akuluakulu, odzutsa fungo la fumbi. Penti ija inali isanakhwime bwino. Amuna onyamula aja anayang'ana atsibweni, atsibweni anayang'ana kumwamba. Ine ndinaimirira, ndinakonza mwana kumsana, ndipo ndinanena mwaulemu wonse umene anamkungwi anandiphunzitsa, "Atsibweni, ikabisale kaye kwathu, ingaonongeke."

Kwathu inalowa osakhudza felemu, kungotsala mpata wa chala uku ndi uku.

Mowa unamwedwa, poti mowa sutayidwa, koma tambala uja anabwerera m'khola. Mawu a nthena sanatchulidwe tsiku limenelo, kapena lina lililonse. Mkamwini wabwino uja anasanduka wochenjera, wofunika kumuyang'anitsitsa, ndipo amayi anakhala nyengo yaitali osamutumizira ngakhale moni. Kabati ankaitchabe yawo mpaka imfa. Ankanditumizira mbale zawo ziwiri za alendo kuti ndizisunga mmenemo, koma iwo mwini sanaione ili m'malo mwake, poti m'nyumba ya mkamwini sakanalowa. Mng'ono wanga patapita dzinja limodzi anakwatiwa ndi wogulitsa nsomba zouma panjinga, napita naye cha ku Msundwe.

Mukuganiza kuti mtima unakhala pansi? Mwamuna anatsala wanga ndekha, kabati ili m'nyumba mwanga, koma m'mawa uliwonse potenga makapu ndinkakumana ndi kankhanga kaja, khosi lili kwa yaimuna. Ndinawauza amuna anga kuti akafute. Anazengereza, amvekere penti yatha. Ndinasiya kutsekula kabatiyo, mbale ndinkaika pansi, alendo akuona. Pamapeto pake anakokota m'chitini cha yobiriwira, nasungunula ndi palafini, najambula tsamba lalikulu la fodya pamwamba pa kankhangako. Anajambula bwino, mitsempha yonse ya tsamba ikuoneka. Koma ndinaona mmene dzanja linachedwera lisanatsike.

Ndinawafunsa kangapo pa moyo wathu wonse. "Kodi munachita dala? Munkadziwa kuti siilowa?" Poti kukana nthena pamaso pa atsibweni kukanakhala kutukwana mudzi, ndipo mwina munthu wosayankhula uja anapeza njira yokanira ndi matabwa. Ngati zinali choncho, ndiye kuti anasankha ine, nalolera kutchedwa wakuba chifukwa cha ine. Koma ngati ankadziwa, kankhanga kachitatu anakajambuliranji? Ndipo ngati sankadziwa, ndiye kuti chimene chinandipulumutsa si mwamuna wanga ayi, ndi nsanamira ziwiri za malemu bambo anga. Yankho lawo linali limodzi mpaka tsiku limene tinakawaika: "Luzi linali ndi mfundo ziwiri. Ine ndinatsata luzi."

Mng'ono wanga ankabwera pa maliro ndi pa zinkhoswe. Akalowa m'nyumba mwanga ankakhala pansi moyang'anana ndi kabati. Tsiku lina ndikuchokera kukatunga madzi ndinamupeza atagwada pamenepo, chikhadabo chili pa tsamba la fodya lija. "Ndimachotsa kangaude, akulu," anatero. Tonse tinali ndi imvi nthawi imeneyo. Naye anapita, Mulungu amulandire, koma kangaude ameneyo ine sindinamuone.

Tsopano adzukulu a mng'ono wangayo ayamba kunena kuti mtengo unali wa mbumba yonse, ndiye kabati si ya nyumba imodzi. Adzukulu anga enieni nawo anabwera ndi munthu wa m'tauni wovala magalasi akuda, amene anaizungulira, naigogoda, nanunkhiza mashelefu, amvekere zinthu zakale zopakidwa pamanja zikufunidwa kwambiri masiku ano. Ndinamufunsa ngati amake anamuphunzitsa kununkhiza m'makabati a eni. Kiyi wa nyumba ndimamanga m'chiuno. Ndikapita ku tchalitchi ndimasiya ulusi pa chogwirira, ndipo kawiri konse ndaupeza utagwa.

Mlombwa sunasinthe, ukungoderaderabe. Phingo ali chimodzimodzi. Koma penti yosungunula ndi palafini siikhalitsa. Chaka chathachi, dzuwa la m'mawa litalowa pakhomo, ndinaona timadontho toyera tikutuluka pansi pa tsamba lija, kenaka kanthu konga mlomo. Adzukulu akuti palibe chilichonse, ndi ng'ala ya m'maso mwanga. Koma iwowo anganene zoona, anthu ofuna kugulitsa?

Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa msewu wa ku Nsaru mudzapatuke mudzandizonde. Mudzafunse nyumba ya gogo wa kabati ya nkhanga, aliyense akulozerani. Mubwere m'mawa dzuwa likulowa pakhomo, wapansi, osati pa galimoto ya bodi kumbuyo. Mudzaime pamene ndidzakuuzeni, manja kumbuyo, mudzayang'ane chitseko cha kumanja m'munsi, mudzandiuze ngati zili ziwiri kapena zitatu. Ine ndidzakhala ndikuyang'ana nkhope yanu.